Mjeremani Amene Angerezi Anamuika Patsogolo

Anthu akamaŵerenga agoloboyi otchuka a ku Germany, maina amene amabwera msanga pakamwa ndi Oliver Kahn ndi Manuel Neuer. Aŵiriŵa anakhalapo pa nambala 3 pa chisankho cha Ballon d'Or: Kahn mu 2001 ndi 2002, Neuer mu 2014. Koma lero ndikukambirani za goloboyi amene sanavalepo malaya a timu ya dziko lake ndi kamodzi komwe. Ameneyu ndi Bert Trautmann.

Trautmann anabadwira ku Bremen m'chaka cha 1923. Pa nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse anali msilikali wa Germany, ndipo Angerezi atamugwira anakamusunga kumsasa wa akaidi ku Lancashire. Atamasulidwa sanabwerere kwawo. Anayamba kugwira pagolo m'timu yaing'ono ya St Helens Town. Pamene Manchester City inamulemba mu 1949, mumzinda munabuka phokoso. Anthu okwana pafupifupi 20,000 anachita zionetsero, ndipo sitingaŵadzudzule, pakuti mabomba a Ajeremani anali atagwetsa nyumba zawo, ndipo ambiri anali ataferedwa. Amene anathira madzi pamoto ndi Rabbi Alexander Altmann, mtsogoleri wa Ayuda amene makolo ake anaphedwa ndi chipani cha Nazi. Iye analemba kalata yopempha kuti munthu mmodzi asasenzetsedwe milandu ya mtundu wake wonse.

Mu 1956 atolankhani a zampira ku England anasankha Trautmann kukhala woseŵera wopambana onse m'chakacho. Anali goloboyi woyamba kulandira ulemuwu. Tsono mvetsetsani apa, chifukwa ambiri amasokoneza: chisankhochi chinachitika iye asanavulale, kotero sichinali cha chifundo ayi. Ngoziyo inadza pambuyo pake ku Wembley, pa maseŵera omaliza a chikho cha FA. Kutatsala mphindi 17, anadziponya kumapazi a Peter Murphy wa Birmingham City, bondo n'kumugunda m'khosi. Masiku amenewo lamulo silinkalola kuloŵetsa wina m'malo mwa wovulala, choncho anapirira mpaka kumapeto, City n'kupambana 3-1. Patapita masiku atatu, madokotala anapeza kuti fupa la m'khosi linali litathyoka.

Nanga kwawo? Mphunzitsi wa West Germany, Sepp Herberger, sankatenga oseŵera a kunja kwa dziko. Pamene Ajeremani anatenga chikho cha dziko lonse mu 1954, pagolo panali Toni Turek. Ndiye chifukwa chake woŵerenga zikho ndi maseŵera a timu ya dziko amamulumpha Trautmann, pamene ku Manchester anagwira pagolo maseŵera 545. Pomutsanzika mu 1964, anthu osachepera 47,000 anadzaza bwalo la Maine Road, mumzinda womwe uja unamukana zaka 15 m'mbuyomo.