Botolo limodzi, dzuwa la chaka chonse

Kuyambira 2015, pa 13 June chaka chilichonse dziko lonse lapansi limakumbukira anthu achialubino, ndipo mwambo wake kuno kwathu tinauzolowera: kuguba, magule, zolankhula za akuluakulu, kenako kugawa mabotolo a mafuta oteteza khungu ku dzuwa atolankhani akujambula. Tsikuli limagwa m'nyengo yozizira, ambiri akuyesa kuti dzuwa lafooka. Komatu cheza cha UV, chomwe chimaotcha khungu, chimadutsa ndithu m'mitambo.

June yemweyu ndi nthawi youmba njerwa. Kupitirira pang'ono pa Nchalo, m'mbali mwa msewu wa ku Nsanje, ndinapeza anyamata asanu ali pa ganyu m'dzenje la matope. Anayi anali atavula malaya. Wachisanu, wachialubino, anavala malaya a manja aatali, otuwa ndi kuchapa, mabatani atamanga mpaka pakhosi. Kumutu anali ndi kapu, ndipo pansi pa kapuyo anapanirira kachidutswa ka chitenje kuti kaphimbe kumbuyo kwa khosi. Akawerama kuti anyamule chikombole, kansaluko kankagwera kutsogolo, khosi n'kuonekera lofiira ngati lapsa ndi madzi otentha. M'mphepete mwa makutu munali timabala tokhakhala, touma, ndipo mlomo wam'munsi unali wong'aluka.

Mafuta anali nawo. Botolo la SPF 50 linali m'jumbo pansi pa mtengo, lotsala pang'ono kutha. Anati amadzola kamodzi m'mawa, kumaso kokha, kuti lifike tsiku lopitanso kuchipatala, chifukwa ulendowo umadya ndalama ya kabaza komanso ganyu ya tsiku lonse. Pofika 9 koloko thukuta ndi matope zinali zitachotsa kale zonse.

Apa ndi pamene anthu odziwa za nkhaniyi amasiyana maganizo. Ena amati yankho ndi mafuta basi, ndipo aziwerengedwa ngati mankhwala enieni, opezeka nthawi zonse ngakhale pa chipatala chaching'ono cha kumudzi monga muja apezekera mankhwala a malungo, osati ngati zodzola za anthu ofuna kutchena. Kwa iwo, kulankhula kwambiri za zipewa ndi kupeputsira boma udindo.

Anzawo amawerengera botololo. Munthu wamkulu amafunika pafupifupi mamililita 30 kuti adzole thupi lonse, ndipo ayenera kubwereza pakatha maola awiri alionse, kapena msanga akatuluka thukuta. Ngakhale atadzola kumaso, khosi ndi m'manja mokha, botolo silingakhalitse. Wodzola mopyapyala sapeza chitetezo cholembedwa pabotolopo, chonsecho mumtima amadziona wotetezeka n'kukhalitsa padzuwa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino oposa 134,000 m'dziko muno. Mabotolo ake angafunike angati? Gululi limati chipewa cha khonde, malaya a nsalu yothithikana ndi kupewa dzuwa la pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 4 koloko masana ndiye maziko, mafuta n'ngongotseka pomwe nsalu siifika.

Nditaima padzenje lija, mtima wanga unapendekera kwa achiwiriwa, ngakhale kuti langizo lopewa dzuwa la masana n'losavuta kulipereka uli mu ofesi. Woumba njerwa amalipidwa powerenga njerwa, ndipo mwini ntchito sadikira kuti dzuwa lipendeke.

Chomwe mbali zonse zimavomerezana ndi cha timabala tija. Nthawi zambiri khansa yapakhungu imayamba chomwecho, pakhutu, pamlomo kapena pakhosi, ndipo timabalato tikaonedwa msanga achipatala amatha kutiumitsa ndi mankhwala ozizira kwambiri tisanasanduke chilonda chosapola. Vaseline, yemwe amayi ambiri amadzoza ana awo pofuna kufewetsa khungu, satchinga dzuwa ngakhale pang'ono. Nawo mafuta enieniwo amaonongeka akamasungidwa potentha, zomwe sizachilendo m'nyumba ya malata ya ku Chigwa cha Shire.

Pobwerera ndinadzera pa kaunjika wa zipewa pamsika wina. Mulu wonse unali makapu a matimu a mpira a kunja ndi zipewa za ubweya za nyengo yozizira. Cha khonde chinalipo chimodzi, chachizimayi, chokhala ndi duwa lapulasitiki pambali, ndipo wogulitsayo anali atachivala yekha.