Dongo, Mchenga ndi Mafunde a Makedzana

Aliyense wokhala m'minda ya tiyi ku Thyolo adaonapo timizere timene madzi amasiya pamchenga m'mbali mwa mtsinje wa Nswadzi kapena m'madamu a m'maesiteti. Timizereti timaoneka ngati munda wolimidwa ndi nyerere, koma kwa akatswiri a miyala ndi kalata yofunika kuwerenga.

Madzi oyenda mbali imodzi amaumba timizere totsetsereka pang'ono kumbuyo ndi tophompha kutsogolo. Mafunde, poti amapita ndi kubwerera, amaumba timizere tofanana mbali zonse ziwiri. Kawirikawiri, madzi a pansi akamakankhidwa patali ndi funde, timizere natonso timatalikirana. Mchenga wotere ukakwiririka n'kusanduka mwala, timizereto timasungika. Katswiri akayeza kutalikirana kwake ndi kukula kwa mchenga, amayerekeza mphamvu ya mafunde ndi kuya kwa madzi akalewo.

Komatu vuto lagona pa dongo. Woumba mbiya amadziwa kuti dongo limamata, ndipo wothyola tiyi amadziwa mmene katondo amakakamirira kumapazi nthawi ya dzinja. Pansi pa nyanja zilinso chimodzimodzi: dongo limagwira mchenga kuti usasunthe msanga. Akatswiri a pa yunivesite ya Hull ku Mangalande, m'kafukufuku wofalitsidwa mu 2018, adasakaniza dongo ndi mchenga m'thanki yopanga mafunde. Adapeza kuti dongo likachuluka timizere timachedwa kukula, ndiponso kuti mafunde amatsuka dongolo pang'onopang'ono, n'kusiya mchenga woyera pamwamba.

Apa ndi pamene munthu angasokere. Mphepo ikaleka timizere tisanakhwime, timatsala tating'ono, ndipo popeza dongo latsukika, wopenda mwalawo angaganize kuti mafunde adali ofooka pamene adali aakulu ndithu.

Kuno ku Malaŵi kulibe nyanja yamchere, komabe nkhaniyi ndi yathu. Ku Karonga kuli matope ndi mchenga za Chiwondo, zosiyidwa ndi nyanja ndi mitsinje yakale, mmene mu 1991, pamalo otchedwa Uraha, mudapezeka chibwano cha munthu wamakedzana. Kuwerenga molakwa timizere m'malo otere ndiko kulakwitsa mbiri ya nyanja yathu ndi ya nyengo yake. N'chifukwa chake katswiri wosamala sakhutira ndi pamwamba pokha. Amayamba wafufuza dongo lotsalira kunsi kwa timizereto asanagamule za mafunde.