Aminatta Forna: mwana amene anakana kukhala cete

Lero tikuuzeni za mai wina wolemba mabuku, Aminatta Forna, amene anabadwira ku Scotland m'caka ca 1964. Amai ake anali a komweko, ndipo atate ake, a Mohamed Forna, anali munthu wa ku Sierra Leone amene anapita ku Scotland kukaphunzira udokotala.

Atabwerera kwao, a Forna analowa ndale nakhala nduna ya zacuma m'boma la a Siaka Stevens. Mu 1970 anatula pansi udindo cifukwa cosagwirizana ndi kayendetsedwe ka boma. Anaikidwa m'ndende, anatulutsidwa, nagwidwanso. Mu 1975 ananyongedwa pa mlandu woukira boma. Apo n'kuti Aminatta ali ndi zaka 11.

Atakula anagwira nchito ya utolankhani ku BBC, koma za imfa ya atate ake sizinamucoke mumtima. Anabwerera ku Sierra Leone nakafunafuna anthu amene anaikira umboni m'khoti. Ena anabvomera kuti ananama. Zimene anapeza anazilemba m'buku la The Devil that Danced on the Water, lotuluka mu 2002, caka cimene nkhondo ya paciweniweni, imene inayamba mu 1991, inatha m'dzikolo.

Buku limene linamubukitsa ndi The Memory of Love la mu 2010, limene linalandira mphotho ya Commonwealth mu 2011. Nkhani yake ndi yopeka. M'cipatala ca ku Freetown muli nkhalamba, Elias Cole, mphunzitsi wakale wa pa yunivesiti, amene ali pafupi kufa. Iye afotokoza za moyo wake kwa Adrian, mzungu wothandiza odwala maganizo. Pomumva mungati ndi munthu wosalakwa. Koma pang'onopang'ono tizindikira kuti pamene apolisi anamugwira pamodzi ndi mnzake Julius, Elias anagwirizana nao kuti apulumutse khosi lake. Julius anafera m'manja mwa apolisi, ndipo Elias anakwatira mkazi wa malemuyo.

Elias sanagwirepo mfuti kapena cikwanje. Anangosankha kukhala cete, ndipo pa zaka zonse anadziuza kuti sakanacitira mwina. Apa ndipo pagona phunziro la mai Forna: wankhanza sakula yekha, amaleredwa ndi anthu wamba amene aona coipa nayang'ana kumbali. M'buku lina, The Hired Man la mu 2013, nkhaniyi anaipititsa ku Croatia, m'tauni mmene olakwa ndi olakwiridwa akumana tsiku ndi tsiku nkhondo itatha, koma palibe ochula zimene zinacitika.

Maiyu sanalekere pa kulemba cabe. Mu 2003 anathandiza anthu a ku Rogbonko, mudzi wa atate ake, kumanga sukulu ya ana ao.

Nanga ife? Sitifunika kudikira nkhondo kuti tiyesedwe. Mkazi wamasiye akamalandidwa munda ndi acibale a mwamuna wake, mboni zimakhalapo. Mwana akamamenyedwa usiku, a nyumba yoyandikana amamva. Ambiri timati si zathu. Koma ana amene aona zimenezi adzakula, ndipo monga Aminatta adzabwera kudzafunsa kuti tinali kuti. Akulu anati caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.