Nambala Yobisala m'Maenje a Bawo

Amene anayendapo m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, kuchokera ku Mangochi mpaka ku Monkey Bay, adziwa mmene madoda amakhalira pamthunzi masana, makoka atayanikidwa, akusewera bawo. Bawo lili ndi mizere inayi ya maenje asanu ndi atatu, onse pamodzi 32. M'maenje amenewa mwabisala nambala imene inapunthwitsa katswiri wina wa masamu wa ku Ulaya.

Munthu ataika nkhomo imodzi m'dzenje loyamba, ziwiri m'lachiwiri, zinayi m'lachitatu, namawirikiza chotero kufikira dzenje lotsiriza, nkhomo zonse zingakwane 4,294,967,295. Wina akanayamba kuziwerenga mu 1891, chaka chimene linga la Fort Johnston linakhazikitsidwa, namawerenga imodzi pa sekondi usana ndi usiku, akanatsiriza mu 2027, patapita zaka 136.

Nambala yaikuluyi imapezeka pochulukitsa pamodzi nambala zisanu izi: 3, 5, 17, 257 ndi 65,537. Zisanu zonsezi ndi zosagawika, ndiye kuti palibe nambala ina imene ingazigawe popanda chotsala, kupatula 1 ndi izo zomwe. Ndiponso zimabadwa motsatana ngati ana a mimba imodzi. Pochotsa 1 pa 3 patsala 2. 2 kuchulukitsa ndi 2 ndi 4. Kuwonjezapo 1 ndi 5. Njira yomweyo imabala 17 kuchokera ku 5, ndi 257 kuchokera ku 17. Yachisanu ndi chimodzi pamzerewu ndi 4,294,967,297, imene iposa nkhomo za m'bawo zija ndi ziwiri zokha.

Mu 1640 Pierre de Fermat wa ku France, ataona kuti zisanu zoyamba sizigawika, anakhulupirira kuti nambala zonse za pamzerewu ndi zosagawika. Maganizo ake anakhala osatsutsidwa zaka 92, pakuti ndani akanayesa kugawa nambala yotere ndi dzanja? Koma mu 1732 Leonhard Euler, mbadwa ya ku Switzerland, anasonyeza kuti 641 kuchulukitsa ndi 6,700,417 ndi 4,294,967,297 ndendende. Chikhulupiriro cha Fermat chinagwa pomwepo. Kufikira lero, ngakhale makompyuta sanapeze nambala ina yosagawika pamzerewu yoposa 65,537.

Phunziro lake lifika kwa mphunzitsi ndi wophunzira yemwe. Chinthu kuchitika kasanu si umboni wakuti chidzachitika nthawi zonse. Msodzi amene wapha chambo masiku asanu pamalo amodzi sagulitsiratu nsomba za tsiku lachisanu ndi chimodzi. M'masamu mawu a munthu wotchuka satha mlandu. Umatha ndi umboni, ndipo umboni wa Euler mwana wa Fomu 1 angauyese yekha ndi pensulo ndi pepala. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.