Kupenta Galimoto Yakale Pakhomo

M'nkhani ino tiona m'mene munthu angapentere yekha galimoto yakale m'garaja ya pakhomo pake. Titenga chitsanzo cha galimoto ina ya ku England yotchedwa MGB. Mwina ena mwa inu mukuti, "Ine galimoto ndilibe, nanga nkhaniyi indithandiza chiyani?" Werenganibe. Chitsulo n'chimodzi. Njira yopentera galimoto ndi yomweyo yopentera njinga, ngolo, wilibala kapena chitseko chachitsulo.

Galimoto ya MGB

MGB ndi galimoto yaing'ono, yaifupi, yokwera anthu awiri. Zambiri zili ndi denga lansalu loti akhoza kulipinda kukatentha. Galimoto zotere sanazipangire kunyamula katundu ayi. Anazipanga kuti zizithamanga ndi kusangalatsa woyendetsa. Ankazipanga m'tauni ya Abingdon kuyambira mu 1962 mpaka mu 1980, ndipo zonse pamodzi zinapitirira 500,000. Ndiye kuti MGB yomaliza kutuluka m'fakitale yatha zaka zoposa 40. Zambiri zikuyendabe ku Britain ndi ku America, ndipo eni ake ambiri amazikonza okha ataweruka ku ntchito.

Mdani wa galimoto imeneyi ndi dzimbiri. Ku Britain, nyengo yachisanu, amathira mchere m'misewu kuti madzi oundana asungunuke. Madzi amcherewo amalowa kunsi kwa galimoto nayamba kudya chitsulo. Tsono MGB ilibe chasesi chapadera ngati lole. Mphamvu zake zili m'thupi lake lomwelo, makamaka m'zitsulo zazitali za m'munsi mwa zitseko. Zimenezi zikadyeka, galimoto imayamba kupindika pakati ndipo zitseko zimakana kutsekeka bwino. Choncho penti amakongoletsa, inde, koma ntchito yake yaikulu ndi kutchinga chitsulo kuti madzi ndi mpweya zisachipeze.

Kufufuza dzimbiri

Ntchito yopenta imayamba ndi ndowa ya madzi ndi sopo. Tsukani galimoto yonse kuti matope, girizi ndi polishi zichoke. Kenaka masulani mabampala, nyali, nambala ndi zogwirira za zitseko. Misomali ndi manati muike m'zitini, ndipo pa chitini chilichonse mulembe kumene zachokera. Pakadzapita milungu simudzakumbukira pamtima.

Tsopano yang'anani paliponse pamene penti watupa ngati matuza. Pansi pa matuzawo pali dzimbiri. Tengani maginito muwayendetse pa thupi la galimoto. Pamene maginito sakugwira, dziwani kuti wina anamatapo fila wambiri pobisa chibowo. Koma musadabwe akakana kugwira pa boneti ya MGB ya zaka zoyamba, pakuti maboneti amenewo anali a aluminiyamu, ndipo maginito sagwira aluminiyamu.

Dzimbiri lapamwamba limachoka ndi burashi yawaya ndi sandipepa. Palani mpaka chitsulo chiwale. Koma ngati chitsulo chabooka, dulani pamenepo, ndipo wodziwa kuwotcherera aikepo chigamba cha chitsulo chatsopano. Munthu akapenta pamwamba pa dzimbiri, dzimbirilo limangodyabe mkati, ndipo pakangopita miyezi yochepa matuza aja amatulukanso. Ndalama za penti zapita pachabe.

Kusalaza

Pamene pali potiwizika pang'ono timamatapo fila. Fila ndi phala lomwe amalisakaniza ndi mankhwala olimbitsa, ndipo limagwira pa mphindi zochepa. Sakanizani pang'onopang'ono. Fila akhale wopyapyala, mamilimita awiri kapena atatu basi. Akachuluka amang'aluka. Ndiponso fila amamwa madzi, motero musamunyowetse pomupala.

Sandipepa ali ndi manambala kumsana kwake. Nambala ikakhala yaing'ono, sandipepayo ndi wokhakhala. Ikakhala yaikulu, ndi wosalala. Wa nambala 80 ndi woumbira fila. Wa 180 amachotsa mikwingwirima imene wa 80 wasiya. Wa 320 amachotsa ya 180. Musadumphe. Kulungani sandipepayo pa kathabwa kosalala, chifukwa zala zokha zimasiya timizere.

Mukamaliza, phimbani magalasi ndi matayala ndi mapepala, mumate ndi tepi. Pukutani thupi lonse ndi kansalu koyera ndi mankhwala ochotsera mafuta. Ngakhale mafuta a m'manja mwanu amakaniza penti, nasiya timaenje tonga maso a nsomba.

Penti woyamba kuthira ndi pulaima. Iyeyu ndiye amagwira chitsulo, ndipo penti wamtundu amagwira pa iye. Pa aluminiyamu pamafunika pulaima wakewake. Pulaima akauma, amisiri amachita nzeru iyi: amawaza penti wakuda pang'ono chabe pamwamba pake, kenaka amapala ndi sandipepa wa 400 kapena 600. Pamene pakuda patsala, pamenepo ndi polowa. Amakonza, nathiranso pulaima.

Ntchito zonsezi zimadya milungu, pamene kuthira penti wamtundu kumatha tsiku limodzi. Penti wonyezimira sabisa kanthu. Amaonetsa poyera paliponse pamene munthu anachitapo ulesi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Samalani moyo wanu

Apa werengani mofatsa. Penti wa galimoto alipo wa mitundu ingapo. Wakale, wotchedwa cellulose, amauma thina akauluka, ndipo ndi amene anthu openta pakhomo akhala akumukonda. Wina ndi wotchedwa 2K, wosakaniza ndi mankhwala olimbitsa. Ameneyu ndi wolimba ndi wonyezimira kwambiri, koma m'mankhwala akewo muli poizoni wotchedwa isocyanate. Munthu akapuma nkhungu yake akhoza kudwala mphumu ya moyo wonse. Wothira 2K ayenera kuvala chophimba nkhope cholandira mpweya wabwino kudzera m'paipi. Ngati mulibe chimenechi, msiyeni penti ameneyu, kapena galimoto ipite kwa amene ali ndi zipangizo.

Ngakhale pothira cellulose, mpango kapena kansalu pamphuno sizikwanira. Pamafunika chophimba chokhala ndi zosefera zamakala. Valaninso chophimba popala penti wakale, pakuti wina ali ndi mtovu. Ena amati ukamwa mkaka poizoni wa penti amatha. Sizoona. Mkaka umapita m'mimba, nkhungu ya penti imapita m'mapapo.

Nthunzi ya thina imagwira moto msanga, ndipo imayenda pansi chifukwa ndi yolemera kuposa mpweya. Mbaula, nyali yaparafini ndi fodya zikhale kutali. M'garaja muzipita mphepo. Ana, amayi oyembekezera ndi ziweto asayandikire.

Tsiku lopenta

Sankhani tsiku louma, lofunda pang'ono, lopanda mphepo. Kukakhala chinyontho, cellulose amachita mbuu ngati wathiridwa ufa. Eni MGB ku Britain amadikira miyezi yofunda. Kuno kwathu tipewe masiku amvula, achiperoni, ndi amphepo yafumbi. Sesani m'garaja dzulo lake, ndipo m'mawa muwaze timadzi pansi kuti fumbi ligone. Tulutsani madzi amene amadikha m'thanki ya kompuresa, kuti asatulukire m'penti.

Werengani zolembedwa pa chitini. Kawirikawiri cellulose amasakaniza ndi thina muyeso wofanana: lita imodzi ya penti, lita imodzi ya thina. Sefani pentiyo, ndipo muyambe mwayesa pa lata lakale.

Gwirani mfuti yopoperera motalikira masentimita 15 mpaka 20, pafupifupi kutalika kwa chikhatho chotambasula. Yendetsani mkono wonse mowongoka, liwiro limodzi. Mzere uliwonse uphimbe theka la mzere unzake. Mukayandikitsa kapena kuchedwa, penti amayenderera ngati misozi. Mukatalikitsa, amafika atauma kale ndipo pamakhala pokhakhala. Yambani ndi pamwamba, mutsirize m'munsi. Thirani mopyapyala kangapo, ndipo muzidikira mphindi 10 kapena 15 musanabwereze. Penti akayenderera kapena kachilombo kakateramo, musakhudze. Mudzapala akauma.

Amene alibe kompuresa asataye mtima. Kale ngolo za akavalo ndi galimoto zoyamba ankazipenta ndi burashi. Penti wa enamelo ndi burashi yofewa zimagwira bwino ntchito, bola kudikira kuti penti aume ndi kumupala pang'ono musanabwereze.

Kumaliza

Penti amauma pamwamba msanga, koma mkati amalimba pang'onopang'ono. Cellulose mumusiye milungu iwiri kapena kuposerapo. Kenaka palani mopepuka ndi sandipepa wa 1500 kapena 2000 wonyowetsa m'madzi asopo, ndipo mupukute ndi polishi mpaka muzidziona nkhope. Eni MGB amathiranso phula loletsa dzimbiri mkati mwa zitsulo za m'munsi mwa zitseko zija, popeza dzimbiri limayambira mkati mosaoneka.

Mtundu wa galimoto umalembedwa m'buku lake la boma. Ku Britain, amene wasintha mtundu ayenera kudziwitsa ofesi ya DVLA. Kuno kwathu, musanasinthe mtundu kafunseni ku ofesi ya Road Traffic.

Mafunso

1. Kodi penti amagwira ntchito yanji pa chitsulo?
2. Sandipepa wa 80 ndi wa 600, wokhakhala ndi uti?
3. Chifukwa chiyani penti wa 2K ndi woopsa kuthira pakhomo?
4. Ngati muli ndi malita atatu a cellulose, mufunika malita angati a thina?
5. Yang'anani chitsulo chimodzi cha dzimbiri pakhomo panu. Lembani m'kope mwanu zimene mungachite, chimodzichimodzi, kuyambira pa kutsuka mpaka pa kupenta. Mukawerengere anzanu.