Chifukwa Chake Dokotala Amatsina Mwana Wokomoka

Amayi, m'sewero lija munamva agogo akudandaula kuti dokotala akutsina mdzukulu wawo amene anakomoka ndi malungo. Si nkhanza ayi. Imeneyi ndi njira yoyezera m'mene ubongo ukugwirira ntchito.

Dokotala amafinya chala cha mwana kuti aone ngati abweza dzanja kapena alira, ndipo amaonanso ngati maso ake akutsata nkhope ya mayi wake. Kenaka amapereka malikisi kuyambira 0 mpaka 5. Akapeza 2 kapena kucheperapo, ndiye kuti mwana wakomoka kwambiri. Njirayi anaikonza ndi madokotala Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo anaifalitsa mu 1989.

Kusamala odwala otere kuli ndi maphunziro akeake. Ku America, dokotala amene watsiriza kale maphunziro a matenda a ubongo amaonjezera zaka 2 akugwira ntchito m'chipinda cha odwala mwakayakaya. Kumeneko amaphunzira kuletsa linjirinjiri, kugwiritsa ntchito makina othandiza kupuma, ndi kuzindikira msanga ubongo ukayamba kutupa. Kutupaku n'koopsa chifukwa chigaza sichitambasuka, choncho ubongo umapanikiza mbali yake imene imayendetsa kupuma. Kafukufuku wa ku Blantyre amene anafalitsidwa mu 2015 anasonyeza kuti ana ambiri omwalira ndi malungo a muubongo amakhala atatupa ubongo chotere.

Madokotala ophunzira motere ndi ochepa kwathu kuno, choncho musataye nthawi. Mwana akakomoka, m'gonekeni cham'mbali, musam'mwetse kanthu, ndipo thamangirani naye kuchipatala. Mukafika, auzeni anamwino nthawi imene anakomoka ndi mankhwala onse amene wamwa, ngakhale azitsamba.