Mangochi si chambo chokha

Ana inu, munthu akatchula Mangochi, mumaganiza za chiyani? Ambiri a inu muyankha kuti nyanja, mchenga ndi chambo chootcha. Simunalakwe ayi. Koma mutayenda m'midzi ya boma limeneli khomo ndi khomo, mungapeze makasu ambiri kuposa maukonde. Anthu ambiri a ku Mangochi amadya za m'munda, ndipo ngakhale msodzi amene, mvula ikagwa amathamangira kukabzala.

Kodi Mangochi ili pati?

Tengani mapu a dziko lathu. Ikani chala pa nyanja ya Malawi n'kumatsetserekera kummwera. Kumapeto kwake muona kuti nyanjayo yagawika pawiri ngati mphanda ya legeni. Mtunda umene uli pakati pa mphandayo ndi dera la mfumu Nankumba, kumene kuli doko la Monkey Bay ndi Cape Maclear. Kunthambi ya kum'mawa n'kumene mtsinje wa Shire umatulukira. Umadutsa pansi pa mlatho wa Bakili Muluzi m'tauni ya Mangochi, n'kulowa m'nyanja yaing'ono ya Malombe, kenaka n'kupitiriza ulendo wake wa ku Liwonde mpaka kukathira mu Zambezi.

Kum'mawa kwa bomali kuli dziko la Mozambique. Mbali zinazo lachita malire ndi maboma monga Machinga, Balaka, Ntcheu ndi Dedza.

Kuli anthu angati?

Pa kalembera wa 2008, ku Mangochi kunapezeka anthu pafupifupi 800,000. Pa kalembera wa 2018 anapezeka 1,148,611. Ndi limodzi mwa maboma okhala ndi anthu ambiri zedi m'Malawi muno. Ambiri mwa iwo ndi Ayao, ndipo m'midzi yambiri mumamveka kuitana kwa kumzikiti m'bandakucha.

Tsono vuto lili apa: anthu amachuluka koma munda sukula. Munda umene agogo ankalima okha, lero augawana ana awo ndi zidzukulu, aliyense kachigawo kake. Komanso si malo onse amene munthu angalimepo. Kwina ndi madzi, kwina ndi mapiri amiyala, kwina ndi nkhalango zotetezedwa monga Namizimu ndi Phirilongwe. N'chifukwa chake midzi yathithikana m'mbali mwa nyanja ndi m'mphepete mwa misewu.

Amalima chiyani?

Zimatengera kumene munthu akukhala. Kunsi, kufupi ndi nyanja ndi mtsinje wa Shire, kumatentha kwambiri ndipo mvula sichuluka. Ndi dziko la milambe ndi migwalangwa. Kumeneku, kuwonjezera pa chimanga, anthu amalima thonje, mapira ndi chinangwa, mbewu zopirira dzuwa. M'madambo amalima mpunga, ndipo m'chilimwe amathirira masamba ndi tomato m'madimba.

Mukawoloka mlatho uja n'kukwera msewu wokhotakhota wopita ku Namwera, zinthu zimasintha. Kumtundako kumazizirirako ndipo mvula imagwa yambiri. Kuli minda ikuluikulu ya fodya, komanso chimanga, mtedza ndi nyemba.

Taonani nzeru za mlimi wa munda waung'ono. Pamzere umodzi amabzala chimanga, pakati pake n'kuponyapo nandolo, ndipo maungu amayanga pansi. Maungu amayamba kupereka nkhwani chimanga chisanache. Chimanga chikakololedwa, nandolo amatsala ali chiimire m'munda mpaka m'chilimwe. Masamba ake akayoyoka amasanduka manyowa, ndipo mizu yake imawonjezera chonde m'nthaka. Kamunda kamodzi, koma nsima, ndiwo ndi ndalama ya sopo zonse zachokera pomwepo.

Nanga nyanja imathandiza bwanji?

Usiku wopanda mwezi, pa nyanja pamaoneka timagetsi tambirimbiri. Ndi asodzi a usipa. Usipa umakonda kuwala, choncho mmodzi amauitana ndi nyali ali m'bwato, anzake n'kuuzinga ndi ukonde wotchedwa chilimira. Kukacha, amayi amaugula padoko n'kuuyanika pa thandala. Usipa umene mumadya ku Lilongwe kapena ku Blantyre mwina unayamba ulendo wake chotero.

Chambo nacho chili ndi khalidwe lodabwitsa. Chachimuna chimakonza chisa pamchenga pansi pa madzi. Chachikazi chikaikira mazira, chimawatola n'kuwasunga m'kamwa mpaka ataswa. Tiana tikaona zoopsa timathawira m'kamwa mwa mayi wawo momwemo. Ndiye msodzi akagwira chambo chimodzi chonyamula ana, wapha nsomba zambirimbiri nthawi imodzi. Pa chifukwa chimenechi, boma limaletsa maukonde ena pa nyengo imene nsomba zikuswana. Ku Malombe chambo chinali chambiri kale, koma chinachepa kwambiri chifukwa chogwidwa mopitirira muyeso.

Munda ndi nyanja n'zolumikizana. Anthu akadula mitengo m'mapiri pofuna minda yatsopano kapena makala, mvula imakokolola nthaka. Mlimi amataya chonde, ndipo matopewo amakathera m'nyanja, kumene amakwirira zisa za nsomba. Wobzala mtengo kumapiri amathandizanso msodzi wa kunyanja, ngakhale awiriwa sadziwana.

Kumalire kumachitika zotani?

Mukapitirira Namwera mufika pa chipata cha Chiponde. Tsidya linalo kuli tauni ya Mandimba, m'chigawo cha Niassa ku Mozambique. Maboma a Britain ndi Portugal ndiwo anagwirizana za malirewa m'chaka cha 1891, osafunsa eni nthaka. Ayao anali kale uku ndi uko, ndipo mpaka lero pali mabanja amene malume ali ku Mozambique, mphwawo ali ku Malawi. Akakumana amalankhula Chiyao chimodzimodzi, koma kusukulu wina amaphunzira Chingerezi, wina Chipwitikizi. M'thumba mwa wina muli makwacha, mwa mnzake muli ndalama yotchedwa metical. Njinga ndi njinga zamoto zimawoloka zitasenza matumba, ndipo chaka cha njala chimanga chochokera tsidya lija chimapulumutsa mabanja ambiri kuno.

M'chaka chomwecho cha 1891, Angerezi anamanga linga m'mphepete mwa Shire, pafupi ndi mudzi wa mfumu Mponda, pofuna kutseka njira imene ogulitsa akapolo ankadutsa. Analitcha Fort Johnston, potengera dzina la mtsogoleri wawo, Harry Johnston, ndipo tauni ya Mangochi inkadziwika ndi dzina limeneli kwa zaka zambiri. Nsanja ya wotchi imene ili pafupi ndi mlatho inamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria.

Yesani izi

Choyamba, werengetsani kuti anthu a ku Mangochi anawonjezereka ndi angati pakati pa 2008 ndi 2018. Chachiwiri, jambulani mapu a bomali, muonetse nyanja ziwiri zija, mtsinje wa Shire ndi Chiponde. Chachitatu, funsani agogo kapena munthu wamkulu kwanuko kuti munda wa banja lanu unkayambira pati n'kulekezera pati iwo ali ana, ndipo lero akulimamo anthu angati. Zimene akuuzeni mukafotokozere anzanu m'kalasi.